Kachithunzi ka mufoni mwanu si logo yanu

Ndatopa nawo mawu akuti "logo ndili nayo kale, ndikutumizirani pa WhatsApp." Amene amanena zimenezi si anthu osadziwa bizinesi ayi. Ambiri ndi akhama, odziwa kuwerengera katundu ndi phindu mosaphonya. Koma ikafika nkhani ya chizindikiro cha bizinesi yawo, chomwe ali nacho ndi kachithunzi kamodzi komwe kadutsa m'mafoni angapo, ndipo akufuna kachithunzi komweko kakhale pachikwangwani cha mamita atatu, pagalimoto, pamalaya a antchito ndi pamapaketi. Sizingatheke. Dizaina akakuuzani choncho, musaganize kuti akukana ntchito kapena akufuna kukudyerani ndalama.

Chithunzi cha JPEG kapena PNG chimapangidwa ndi timadontho ta ngodya zinayi, mapikiseli, ndipo chiwerengero chake sichiwonjezeka chifukwa choti mwachikoka kuti chikule. Mukachikulitsa, timadonthoto timangotupa, m'mphepete mwa zilembo mumaoneka manomano. WhatsApp nayo imapsinja chithunzi chilichonse chotumizidwa ngati chithunzi kuti chipepuke, ndiye chikamafika kwa ine chimakhala chitafooka kale. Chinthu chomwe munthu adzachigwire m'manja n'kuchiyang'ana pafupi chimafuna timadontho 300 pa inchi imodzi. Tsamba la A4 lodzaza chithunzi limafuna mapikiseli 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali. Logo ya mapikiseli 500 ingatuluke bwino pamasentimita anayi okha basi. Inu mukufuna mamita atatu.

Logo yeniyeni imakhala mu fayilo ya vector. Mmenemo mulibe timadontho, muli malangizo: mzere uyambire apa, ukhote motere, ukathere apo, mkati mwake mudzaze mtundu wakuti. Masamu a kakhotedwe ka mizere kameneka anatchuka ndi Pierre Bézier, injiniya wa kampani ya Renault, yemwe ankawagwiritsa ntchito pojambula matupi a galimoto m'zaka za m'ma 1960, ndipo ndi omwe akuyendetsa mapulogalamu monga Adobe Illustrator kuyambira 1987. Popeza ndi malangizo, fayilo imodzimodziyo imatuluka yakuthwa pacholembera komanso pakhoma la nyumba yosanja. Makina odula zomata za pagalimoto amafuna mzere woti mpeni wake utsatire, ndipo m'chithunzi cha JPEG mulibe mzere wotere. Maina a mafayilo a vector amathera ndi AI, EPS, SVG kapena PDF. Koma chenjerani, pakuti ena amangotenga JPEG yomwe ija n'kuiika mu PDF, n'kukupatsani akuti nayi vector. Itsegulireni pakompyuta, muikulitse mpaka pomwe ingathere. M'mphepete mukakhalabe mosalala, ndi yoona. Mukayamba kuoneka timabokosi, akunamizani.

Sindikunena kuti JPEG ndi yoipa. Pa zithunzi za anthu ndi katundu ndiyo yoyenera, ndipo PNG yopanda chakumbuyo mudzaifuna tsiku ndi tsiku pa Facebook ndi pawebusayiti. Koma zimenezi ndi zotuluka mu fayilo yaikulu ija. Kukhala ndi chithunzi cha nyumba m'thumba si kukhala ndi makiyi ake.

"Simungangoijambulanso?" Ndingathe, ndipo ndimachita kawirikawiri. Koma ndiyenera kufufuza kuti zilembozo ndi za fonti yanji, kutanthauza mtundu wa kapangidwe ka zilembo, ndipo nthawi zina yemwe anakonza poyamba anazipinda ndi kuzikoka mwakuti sizikufanananso ndi fonti iliyonse. Mitundu nayo ndimangoyerekeza. Apa mpamene anthu amakwiya kwambiri, choncho ndifotokoze pang'ono. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, zomwe timati RGB. Makina osindikizira amagwiritsa ntchito inki zinayi, CMYK, ndipo pepala siliwala lokha. Buluu wonyezimira kapena wobiriwira wothwanima yemwe munamukonda pafoni, inki zinayizo sizingamufikire, amatuluka wozilala. Inki yomweyo imaonekanso mosiyana papepala losalala lonyezimira ndi papepala wamba lomwe limamwa inki. Mafoni awiri okha saonetsa mtundu umodzi mofanana. N'chifukwa chake mtundu wa bizinesi umasungidwa m'manambala: a HEX a pa intaneti, a CMYK a kosindikiza, ndipo ngati mtunduwo ndi wofunika kwambiri, nambala ya Pantone, dongosolo lomwe osindikiza akhala akumvanirana nalo kuyambira 1963. Ngati mulibe manambalawa, wosindikiza aliyense adzakupatsani buluu wakewake, ndipo makhadi anu, chikwangwani ndi galimoto zidzaoneka ngati za mabizinesi atatu osiyana.

Komabe zonsezi zimakonzeka. Chimene sichikonzeka msanga ndi ichi chomwe chimandipwetekabe mtima ndikachikumbukira.

Anabwera kwa ine mayi wina wopanga sopo ndi mafuta odzola. Bizinesi anaiyamba yekha, pang'onopang'ono, ndipo panthawiyo katundu wake anali atayamba kulowa m'masitolo. Logo yawo inali tsamba lokhala ndi dontho pakati. Anawakonzera ndi mnyamata wina madzulo amodzi, motchipa, ndipo iwo anasangalala chifukwa inali yooneka bwino. Inalidi yooneka bwino. Anaisindikiza pamalebulo ambirimbiri, pamabokosi, pachikwangwani, ndipo makasitomala anazolowera kufunsa za "mafuta a katsamba aja." Iwo anabwera kwa ine kudzangofuna fayilo ya vector, poti ankafuna kulembetsa chizindikirocho mwalamulo komanso kusindikiza mapaketi atsopano. Ndisanayambe kujambulanso ndinaika kachithunziko pa Google Lens, chida chofufuzira zithunzi zofanana pa intaneti, monga ndimachitira ndi logo iliyonse yomwe sindikudziwa kochokera. Tsamba lija linatuluka pawebusayiti yogulitsa zithunzi, ndendende, mpaka kakhotedwe ka kamtsempha kake. Linatulukanso pamabizinesi ena, ndipo imodzi mwa iyo inali yogulitsanso zodzoladzola. Mnyamata uja sanajambule kanthu. Anangokopera, n'kusintha mtundu, n'kulembapo dzina pansi.

Sindinaiwale momwe mayiwo anakhalira chete. Kenako anati, "Komatu ndinamufunsa ngati ndi yangayanga, anati inde." Anafunsadi. Si kuti anali munthu wosasamala. Chomwe analibe ndi pepala lolembedwa ndi fayilo yoyambirira, zinthu ziwiri zomwe zikanaulula bodzalo tsiku lomwelo. Mnyamatayo foni yake inali itasiya kugwira. Tinakonza chizindikiro china, ndipo ndikhulupirira kuti ndi chabwino kuposa choyamba. Koma malebulo otsala anatayidwa, mabokosi anatayidwa, ndipo choopsa kwambiri, makasitomala ena ataona botolo latsopano anaganiza kuti ndi katundu wachinyengo wotsanzira wa mayiwo. Anayenera kuyenda sitolo ndi sitolo kufotokoza kuti ndi iwo omwe aja. Ntchito yanga sinathe kuwabwezera zaka zomwe maso a anthu anatenga kuzolowera katsamba kaja. Logo phindu lake lili pomwepo, m'kuzolowereka, ndipo mukaisintha mokakamizidwa mumayambanso pansi.

Musaganize kuti izi zimagwera mabizinesi ang'onoang'ono okha. Mu July 2015 okonza masewera a Olympic a ku Tokyo anaonetsa chizindikiro chokonzedwa ndi Kenjiro Sano. Posakhalitsa Olivier Debie wa ku Belgium anadandaula kuti chikufanana ndi chomwe iye anakonzera nyumba ya zisudzo ya Théâtre de Liège. Sano anakana kuti sanakopere, komabe pofika kuchiyambi kwa September chaka chomwecho chizindikirocho chinachotsedwa, ndipo china, cha Asao Tokolo, chinasankhidwa mu April 2016. Ngati bungwe lalikulu chotero, lokhala ndi maloya ake, linagwedezeka ndi nkhani yotereyi, nanga inu amene logo yanu ndi yotoledwa poyera pa intaneti mudzaima pati?

Akamberembere m'ntchito yathu achuluka chifukwa zida zapepuka. Kukhala ndi laputopu ndi pulogalamu sikupanga munthu kukhala dizaina. Mumuzindikire motere: sakufunsani funso lililonse. Safuna kudziwa amene amagula kwa inu, amene mukupikisana nawo, kapena komwe logoyo idzaikidwe. Amakutumizirani ma logo khumi pa ola limodzi kuti musankhepo, ndipo onse ndi okongola chifukwa palibe ndi imodzi yomwe yomwe waiganizira yekha. Mukamupempha yakuda yokha pa choyera, kapena yoyera pa chakuda, amazengereza. Mukapempha fayilo yoyambirira, amati inafufutika. Dizaina woona amakuonetsani momwe chizindikirocho chinakulira kuchokera pa zojambula zoyamba, amachiyesa chili chaching'ono ngati chikhadabo kuti aone ngati chikuwerengekabe, ndipo sachita manyazi kukuuzani kuti mithunzi ndi mitundu isanu ndi iwiri zomwe mwapempha sizidzatheka pachidindo kapena pa ulusi wopetera malaya.

Canva, pulogalamu ya pa intaneti yokonzera zithunzi yomwe inayamba mu 2013, ndilibe nayo mlandu. Ndi yothandiza pokonza zolengeza za tsiku ndi tsiku. Koma eni ake amanena okha kuti zithunzi ndi ma template a m'nkhokwe yawo aliyense ali ndi ufulu wozigwiritsa ntchito, choncho simungazilembetse ngati chizindikiro chanuchanu. Ma logo opangidwa ndi nzeru za makina (AI) ali ndi vuto lofanana nalo. Ofesi yoona za umwini wa zaluso ku United States inanena mu 2023 kuti chinthu chopangidwa ndi makina okha, popanda dzanja la munthu, sichitetezedwa ndi lamulo la umwini. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma musamange bizinesi pa chinthu chomwe simungathe kuletsa mnzanu kuchitenga. Mafonti nawonso ali ndi eni ake. Ambiri omwe anthu amatenga mwaulere pa intaneti layisensi yake imalola kuwagwiritsa ntchito pa zinthu zapakhomo zokha, osati pamalonda. Funsani dzina la fonti ya logo yanu ndi layisensi yake. Safunsa anadya phula.

Chinanso chomwe ambiri sadziwa: kulipira sikutanthauza kuti umwini wasamukira kwa inu. M'mayiko ambiri umwini wa chojambula umakhalabe ndi wojambulayo mpaka atausamutsa molemba. Ndikunena izi ndili dizaina, ndipo ndikudziwa kuti anzanga ena sakondwa nazo, koma kasitomala ayenera kudziwa. Tsamba limodzi ndi lokwanira, lonena kuti ntchitoyo ndi yoyambitsidwa ndi wojambulayo, kuti umwini wapita kwa inu mukamaliza kulipira, ndi mndandanda wa mafayilo omwe mudzalandire. Dizaina wokana kusaina pepala lotere wakuuzani kale zonse zomwe muyenera kudziwa za iye.

Tsopano za kuchedwa, chifukwa zonse ndanenazi zimaphulika pa tsiku limodzi, tsiku lomwe mwatsala ndi maola ochepa kuti chochitika chanu chiyambe. Anthu amakonzekera holo, alendo ndi zolankhula kwa miyezi, koma zosindikiza amazikumbukira usiku womaliza, ngati kuti n'kungodina batani. Kusindikiza kuli ndi masitepe omwe sadumphika. Chojambula chiyenera kupitirira malire a pepala ndi mamilimita atatu mbali zonse, chomwe timati bleed, chifukwa mpeni wodulira sugwa pamalo amodzi ndendende nthawi zonse, ndipo popanda zimenezi mumatsala kamzere koyera m'mphepete. Inki iyenera kuuma asanapinde kapena kumata pulasitiki pamwamba. Ndipo pali proof, chitsanzo chomwe muyenera kuona ndi kuvomereza makina asanayambe. Munthu akathamanga, choyamba kutayidwa ndi proof. Amangoyang'ana pafoni ali pamsewu, n'kuyankha kuti "zili bwino, pitirizani." Mawa lake nambala ya foni yasowa chiwerengero chimodzi pamapepala onse, kapena QR code ikupita ku tsamba lomwe kulibe. Mukavomereza proof, cholakwa chilichonse chotsalamo chimakhala chanu, ndipo wosindikiza sadzakubwezerani ndalama. Ameneyo si wankhanza, ndi momwe ntchitoyi imayendera kulikonse.

Werengani proof mutakhala pansi. Manambala a foni muwatchule mokweza limodzilimodzi, muimbe nambalayo kuchokera pa zomwe zalembedwazo, osati kuchokera m'mutu mwanu. Mupatse munthu wina yemwe sanaonepo chikalatacho kuti awerengenso, chifukwa diso lanu ndi langa zazolowera kale ndipo zimawerenga zomwe zikuyembekezera kuona. Ngati mtundu ndi wofunika, pitani mukaone chitsanzo chosindikizidwa papepala lenilenilo, muchione pa kuwala kwa masana.

Ngati amene anakukonzerani logo akadapezeka, mulembereni sabata ino, pamene palibe chokuthamangitsani. Mupempheni fayilo ya vector, ina ya mitundu, ina yakuda yokha, ina yoyera, zilembo zitasandutsidwa mizere kuti zisasinthe pakompyuta yopanda fontiyo, pamodzi ndi manambala a mitundu ndi dzina la fonti. Akutumizireni pa imelo kapena ngati document, osati ngati chithunzi. Muzisunge malo awiri osiyana, ndipo munthu wina wodalirika pabizinesi yanu adziwe komwe zili. Ngati sakupezekanso, yambani mwaifufuza logoyo pa Google Lens musanalipire wina aliyense kuti aijambulenso, ndipo musaitanitse mapaketi ena atsopano mpaka mutadziwa komwe inachokera.