Fizi si imene imamanga sukulu yonse

Kuno ku Chipata timamva kawirikawiri kuti sukulu yomwe si ya boma ndi yolemera kale, chifukwa makolo amalipira fizi, ndiye kuipatsa thandizo n'kungonenepetsa mwini wake. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo amene akuvutika nawo ndi ana.

Kuyambira mu 2022 boma la Zambia linachotsa fizi m'masukulu ake, ndipo aphunzitsi ake limawalipira lokha. Sukulu yoima payokha ilibe mwayi umenewo. Fizi ikalowa, imayamba yapita ku malipiro a aphunzitsi, ku NAPSA (bungwe la penshoni ya ogwira ntchito), ku magetsi a ZESCO, madzi ndi choko. Yotsala imakhala yochepa kwambiri, makamaka chaka chimene chimanga sichinachite bwino ndipo makolo akulipira pang'onopang'ono.

Zopereka ndi zimene zimagula mabuku, makompyuta ndi zipangizo za sayansi, kuti mwana asakaone botolo loyesera mankhwala koyamba pa tsiku la mayeso a boma a ECZ. Zimalipiriranso mwana wamasiye amene akanangokhala pakhomo. Mjigo ukakumbidwa pasukulu, amayi a m'midzi yozungulira amatunganso pomwepo.

Wopereka si mzungu wakunja yekha ayi. Ophunzira akale, mpingo, mlimi wobweretsa thumba la mtedza, abambo oumba njerwa, onsewa ndi opereka.

Nkhawa yoti ndalama zingasokonekere ndi yomveka. Pitani ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi (PTA) mukapemphe kuona malipoti a ndalama ndi malisiti, kenako mukaone nokha ngati mjigowo ukutulukadi madzi.