Mantha a Eni Ndalama ndi Mafilimu a ku Hollywood a Masiku Ano

Ntchito yanga ndi yolumikiza zithunzi ndi mawu filimu ikatha kujambulidwa, ndipo anthu akadziwa zimenezi amakonda kundifunsa chifukwa chimene mafilimu akuluakulu a ku America a masiku ano amasangalatsira maso koma kukacha munthu osakumbukira kuti nkhani yake inali yotani. Ndimawayankha kuti ubwino ndi kufooka kwa mafilimuwa zimaphukira pa tsinde limodzi, lomwe ndi kuchuluka kwa ndalama zimene makampani amathiramo.

Filimu yaikulu ya ku Hollywood imadya madola 200 miliyoni kapena kuposerapo pojambula pokha, ndipo kuitsatsa padziko lonse kumafunanso ndalama zina zankhaninkhani. Pa tikiti iliyonse imene yagulidwa, pafupifupi theka la ndalama limatsala kwa eni nyumba zoonetseramo kanema, kotero kuti filimu iyenera kubweretsa ndalama zoposa kawiri zimene inadya kuti eni ake ayambe kuona phindu. Filimu ya Indiana Jones imene inatuluka mu 2023 inadya pafupifupi madola 300 miliyoni koma sinafike pa madola 400 miliyoni m'matikiti, ndipo imeneyi inali ngozi ngakhale kuti chiwerengerocho chikumveka chachikulu. Munthu amene waika chuma chotere pa chinthu chimodzi sayerekeza kuyesa zachilendo. Amabwerera ku dzina limene anthu akulidziwa kale. Mwa mafilimu otuluka mu 2024, atatu okha ndi amene anadutsa madola 1 biliyoni, omwe ndi Inside Out 2, Deadpool & Wolverine ndi Moana 2, ndipo onsewa ndi opitiriza nkhani zakale, onse a kampani ya Disney.

Kupitiriza nkhani pakokha si mlandu, chifukwa ngakhale agogo ankatha kutibwezera Kalulu yemweyo usiku uliwonse ife osatopa. Vuto limabwera pamene wolemba sakuloledwa kuti nkhani ifike pamene iyenera kufika. Ngwazi imene kampani ikuifunanso m'mafilimu ena atatu singafe, ndipo ikafa woonera amadziwa kuti idzauka, choncho nkhondo yonse ya kumapeto, ngakhale nyumba zigwe ndi mizinda ipse, siimugunditsa mtima. Komanso filimu isanatuluke imaonetsedwa kwa kagulu ka anthu amene amapereka maganizo awo, ndipo akuluakulu a kampani akachita mantha amalamula kuti zigawo zina zijambulidwenso, muikidwe nthabwala apa, kachikondi apo, ndi munthu wa m'filimu ina amene angotulukira kuti anthu aombe m'manja. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ife olumikiza zithunzi timazindikira msanga malo amene asokereredwa motere, chifukwa tsitsi la wosewera limasintha kutalika pakati pa kukambirana kumodzi, kapena mawu ofunika amalankhulidwa kamera ili kumsana kwake, kusonyeza kuti anawathiramo pambuyo pake.

Komabe ndalama zomwezo zikagwera m'manja mwa munthu wodziwa chimene akufuna, zimabala zinthu zimene sizikanatheka kwina kulikonse. Oppenheimer, filimu ya Christopher Nolan ya mu 2023, ndi ya maola atatu ndipo mbali yaikulu ndi anthu akukambirana m'zipinda, koma inajambulidwa ndi makamera a IMAX, ojambula zithunzi zoonetsedwa pa zipupa zikuluzikulu, pa tepi yeniyeni ya zithunzi yotambalala mamilimita 65, moti nkhope ya munthu imadzaza chipupa chonse ndipo kunjenjemera kwa chikope kumanena zimene pakamwa sipananene. Inabweretsa madola oposa 900 miliyoni ndipo inapata mphoto 7 za Oscar, zomwe ndi mphoto zapamwamba za mafilimu ku America. Mu 2025, Sinners ya Ryan Coogler, nkhani yatsopano yosatsamira pa dzina lakale, inakopanso anthu ambiri. Kwa ine umenewu ndi umboni wakuti oonera sadana ndi nkhani zatsopano monga momwe eni ndalama amaopera.

Mbali imene anthu amadandaula nayo kwambiri ndi ya zithunzi zopangidwa pa kompyuta, ndipo apa ndimaona kuti mlandu umagwera anthu olakwika. Wosewera amaimikidwa kutsogolo kwa nsalu yobiriwira, n'kuuzidwa kuti ayang'ane kampira kamene kamangidwa pa ndodo ngati kuti ndi chilombo. Ngati wotsogolera filimu wadziwiratu kuti chilombocho n'chachitali bwanji, dzuwa lili mbali iti, ndipo moto udzayakira kuti, magetsi amaikidwa moyenera ndipo zonse zimadzagwirizana. Koma nthawi zambiri zimenezi zimasiyidwa kuti zidzaganizidwe mtsogolo, ndiye wosewera amawalitsidwa mofanana mbali zonse kuti chithunzicho chidzalole chilichonse. Zotsatira zake ndi munthu amene waima pafupi ndi phiri lophulika koma pankhope pake palibe kufiira kwa moto, maso ake akuyang'ana pambali pang'ono pa chimene akulankhula nacho, ndipo mapazi ake akuoneka ngati sakuponda pansi. Akatswiri a makompyuta amapatsidwa zosintha mpaka masabata omaliza, ntchito n'kutuluka yosapsa. Filimu ya ku Japan ya Godzilla Minus One inadya ndalama zosafika madola 15 miliyoni, gulu lake la zithunzi za pa kompyuta linali la anthu 35 okha, koma mu 2024 inapambana mphoto ya Oscar pa luso limeneli, makamaka chifukwa wotsogolera wake, Takashi Yamazaki, ndi katswiri wa ntchito yomweyi ndipo ankadziwa chimene chithunzi chilichonse chikufuna asanayatse kamera.

Pali kufooka kwina kumene ife kuno timakumva kwambiri kuposa anzathu a ku Los Angeles, kumene kuli Hollywood. Mafilimuwa amakonzedwera chipinda chamdima chokhala ndi masipika ambirimbiri, ena kudenga, ndipo mawu a anthu olankhula amakhala ndi sipika yawoyawo yapakati. Ambiri a ife timaonera pa foni, pa TV ya pabalaza kapena mu vidiyo sho, kumene phokoso lonselo limapanikizidwa m'masipika awiri kapena imodzi. Kuphulika kwa bomba kumagonthetsa m'khutu, koma anthu akayamba kulankhula mumakweza voliyumu mpaka kumapeto osamvabe kanthu. Osewera a masiku ano amalankhulanso monong'ona chifukwa timamaikolofoni tobisika m'zovala timatola ngakhale mpweya, pamene akale ankaphunzitsidwa kutulutsa mawu ngati ali pabwalo la zisudzo. Mdima nawo ndi chimodzimodzi: makamera atsopano amaona bwino pamalo opanda kuwala, choncho ojambula amakonda zithunzi zakuda zimene m'nyumba ya kanema zimaoneka zokongola, koma pa foni masana mumangoona nkhope yanu pagalasi.

Ndimaganiza kuti ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mafilimu omasuliridwa m'Chichewa amakondedwera m'matauni ndi m'midzi mwathu, kuwonjezera pa nkhani ya chilankhulo, popeza womasulira amatsitsa phokoso lonse n'kuika mawu ake pamwamba, ndipo pamene nkhani yasokonekera iye amaiwongola ndi pakamwa. Amene mukufuna kumva filimu momwe inalili, zomvera za m'makutu zimathandiza kwambiri kuposa sipika ya foni, ndipo ma TV ambiri ali ndi posankha pokweza mawu a anthu olankhula n'kuchepetsa kuphulika. Filimu yamdima ndi bwino kuisungira usiku, magetsi a m'chipinda atazimitsidwa.