Setilaiti siyeza CO2 wa m'madzi a m'nyanja

Zimatopetsa kumva anthu, ngakhale ophunzira ndithu, akunena kuti setilaiti "yaona" CO2 (mpweya wa kaboni dayokisaidi) pamwamba pa nyanja zamchere. Siimuona ayi. Ngakhale OCO-2, setilaiti ya bungwe la ku America la NASA, yomwe idakwezedwa mu 2014, imayeza CO2 wa mumlengalenga, osati wosungunuka m'madzi.

Setilaiti imangopereka zizindikiro: kutentha kwa madzi, mtundu wake womwe chida cha pa setilaiti chotchedwa MODIS chimadziwira kuchuluka kwa ndere, mchere woyezedwa ndi masetilaiti a SMOS kapena SMAP, ndi liwiro la mphepo. Muyeso weniweni wa CO2 wa m'madzi umachokera ku sitima zopopa madzi pafupifupi mamita 5 pansi, ndipo umasungidwa m'nkhokwe ya miyeso yotchedwa SOCAT. Kompyuta imaphunzira kugwirizanitsa ziwirizi, kenako n'kudzaza kumene sitima sizinafikeko. Gawo lalikulu la mapu okongola a CO2 wa m'nyanja ndi lodzazidwa motero.

Madzi akatentha ndi digiri 1, mphamvu ya CO2 wofuna kuthawira mumlengalenga imakwera ndi 4 peresenti. Ena amathera pomwepo n'kumati madzi ozizira onse amayamwa mpweyawu. Nanga kum'mawa kwa Pacific, pafupi ndi ikweta? Kumeneko madzi ozizira amatumphuka kuchokera pansi atakhuta kale CO2, ndiye amautulutsa. Komanso setilaiti yoyeza kutentha imangowerenga kakhungu ka madzi kosakwana milimita 1, komwe kamazizirako pang'ono kuposa madzi a sitima aja. Kusiyanaku n'kochepa, koma kukawerengedwa pa nyanja zonse kumasintha zotsatira.

Komwe kumandisowetsa mtendere ndi Southern Ocean, yozungulira Antarctica. Pa CO2 wa anthu amene nyanja zimayamwa, pafupifupi 40 peresenti amalowera kumeneko. Koma kuyambira Juni mpaka Ogasiti sitima n'zochepa chifukwa cha mafunde, dzuwa kulibe loti MODIS ione mtundu wa madzi, mitambo nayo ili bii. Kompyuta idaphunzira za chilimwe, ife n'kumaifunsa za chisanu. Iyankha ndithu, sikana. Zida zoyandama za Argo zimathandizako, komabe zimayeza pH (kuchuluka kwa asidi m'madzi), CO2 n'kuchita kuwerengetsa.

M'mphepete mwa nyanja, monga pamene Zambezi amathirira, setilaiti imaona matope ngati ndere. Choncho wina akabwera ndi mapu a setilaiti kudzagulitsa malonda a kaboni (olipiritsa pa CO2 amene akuti wachotsedwa mumlengalenga), mufunseni kuti miyeso ya sitima ya pamalopo ndi ingati, idatengedwa miyezi iti, ndipo mapuwo amaphonya ndi zingati. Akayamba kuzungulira, bwezani cholembera m'thumba.