Sinki ya m'galaja: paipi nayo imafuna kupuma

Munthu akafuna kuika sinki m'galaja, yosambirapo m'manja akagwira injini kapena yotsukirapo mabulashi, amayamba kudera nkhawa za komwe madzi adzachokere. Zimenezo n'zosavuta. Pomwe ntchito zambiri zimalakwikira ndi potulutsa madzi akuda.

Pezani kaye paipi ya madzi akuda yomwe ili pafupi, kaya kuseri kwa khoma la bafa, la khitchini kapena pomwe pali makina ochapira zovala. Tsimikizani kuti ikupita ku suweji kapena ku septiki tanki. Ya madzi a mvula musaiyandikire, chifukwa madzi ake nthawi zambiri amakathera kumtsinje osayeretsedwa.

Madzi akuda sakankhidwa, amangotsetsereka. Paipi yanu izitsika pafupifupi masentimita 2 pa mita iliyonse, ndipo yezani ndi levulo, osati ndi maso. Ikagona ndendende, mchenga ndi girisi zimakhazikika pansi mpaka kutseka njira. Paipi ya mamilimita 40 imakwanira sinki imodzi, koma ine ndimasankha ya 50 chifukwa m'galaja mumatsukidwa zadothi zambiri. Mukapeza kuti potulukira madzi pa sinkiyo pali m'munsi kuposa paipi ya m'nyumba, musakakamize. Pamenepo pamafunika kapampu kokhala ndi thanki yake pansi pa sinki, ndi valavu yoletsa madzi kubwerera.

Tsopano ku chimene ndikufuna mumvetse kwambiri. Pansi pa sinki iliyonse pali paipi yokhota yomwe amapulambala timaitcha P-trap. Mokhotamo mumatsala madzi ozama masentimita 5 mpaka 10, ndipo madzi ochepawa ndi amene amatsekereza mpweya wa m'suweji kuti usalowe m'nyumba. Mpweyawo uli ndi hydrogen sulfide, yonunkha ngati mazira owola komanso yapoizoni ikachuluka, ndi methane yomwe imayaka.

Trap payokha sikwanira. Zondotsani botolo lodzaza madzi: amatuluka modukizadukiza chifukwa mpweya ukulimbana nawo polowa. M'paipi zimachitikanso chimodzimodzi. Madzi ambiri akamatsika amakoka mpweya m'mbuyo mwake, ndipo akasowa poukokera amayamwa madzi aja a mu trap. Sinki imalira ikamamaliza kutsitsa madzi, pakapita nthawi fungo layamba, eni nyumba n'kumathira mankhwala onunkhira osadziwa kuti vuto ndi mpweya. N'chifukwa chake pamafunika venti, paipi yokwera kukatulukira padenga kapena kukalumikizana ndi venti ya nyumba, ndipo isatalikirane ndi trap. Pomwe zimenezi n'zosatheka pali kavalavu kotchedwa air admittance valve, komwe kamalowetsa mpweya koma osautulutsa. Kamaikidwa pamwamba pa paipi yochoka ku trap, masentimita 10 kapena kuposerapo, pamalo pofikika komanso popita mphepo. Si malamulo a zomangamanga a kulikonse omwe amakalola, choncho funsani musanagule.

Polumikiza pa paipi yogona, gwiritsani ntchito cholumikizira chooneka ngati Y, cholozetsa komwe madzi akupita. Cha T chimagwetsa madzi molunjika, zonyansa n'kumaunjikana pamphambano. PVC ndi ABS, mitundu iwiri ya mapaipi apulasitiki, uliwonse uli ndi guluu wake. Zikakumana, kapena pulasitiki ikakumana ndi chitsulo, mangani ndi cholumikizira cha labala chokhala ndi malamba achitsulo. Siyaninso potsegulira pamene mudzalowetse waya paipi ikadzatseka. Ngati paipi yakaleyo ndi yachitsulo cholemera chotchedwa cast iron, ndipo ndi yoimirira, itanani pulambala. Ikadulidwa isanamangiriridwe, mbali yam'mwamba imatha kugwa.

Njira yachidule yomwe ndimaikana ndi yongolowetsa paipi ya sinki m'paipi yoimirira ya makina ochapira. Makinawo amatulutsa madzi ambiri nthawi imodzi, ndipo thovu limatha kubwerera n'kudzaza sinki kapena kusefukira pansi.

Oilo, petulo, thinala ndi penti ya mafuta zisalowe m'sinkiyi ngakhale pang'ono. Nthunzi ya petulo imatha kuyaka m'paipi, oilo amasokoneza septiki tanki, ndipo madzi otsukira simenti amauma n'kusanduka mwala mu trap. Popeza sinki ya m'galaja imatha kukhala nthawi yaitali osagwira ntchito, madzi a mu trap amaphwa okha. Muzitsegula mpopi kwa kanthawi kochepa pakapita milungu iwiri kapena itatu.