Ndalama za Edzi, TB ndi malungo sizigawidwa ndi munthu mmodzi

Uthengawu umabwerabwera m'magulu a WhatsApp: akuti ndalama zolimbana ndi Edzi, TB ndi malungo zimafikira m'manja mwa mkulu mmodzi wa boma, iye n'kumagawa mmene wafunira. Ena amawonjezera kuti tumizani dzina kuti mulandireko gawo lanu. Zonsezi n'zabodza.

Titenge Global Fund, bungwe la padziko lonse lothandiza mayiko ndi ndalama zolimbana ndi matenda atatuwa, lomwe linakhazikitsidwa mu 2002. Pempho la dziko lofuna ndalamazi limadutsa mu komiti yotchedwa Country Coordinating Mechanism, momwe mumakhala boma, mabungwe omwe si aboma, azipembedzo komanso anthu omwe ali ndi matendawa. Komitiyi ndiyo imasankha mabungwe oyendetsa ndalamazo, kawirikawiri kwa zaka zitatu. Gawo lalikulu limagulira mankhwala, maneti ndi zipangizo zoyezera matenda. Palibe amene amalandira ndalama chifukwa cholembetsa pa foni.

Kuba kumachitika ndithu, ndipo kumapweteka. Koma ofesi ya Inspector General ya bungweli imafufuza n'kuika malipoti ake poyera pa intaneti.

Mukalandira uthenga wotere, funsani: lipoti lake lili kuti, ndi la chaka chanji? Yang'anani pa webusaiti ya Global Fund kapena funsani ku unduna wa zaumoyo. Umboni ukasowa, chonde musautumize. Wina akauwerenga angataye mtima n'kusiya kumwa mankhwala.