Dzino lija munkati ndi laumwana, ayi ndi lachikulu

Ndimagwira ntchito ya mano kuno ku Harare ndipo pali mawu amodzi omwe ndawamva mpaka kutopa nawo, oti "asiyeni adokotala, agweluka amera ena". Sabata yathayi anandiuzanso choncho agogo ena a ku Mabvuku atabwera ndi kamdzukulu ka zaka 7, tsaya litatupa, mwana osagona masiku atatu. Nditayang'ana mkamwa ndinawauza kuti agogo, ili silimeranso, ili ndi lomwe amayenera kukalamba nalo. Anangoti kakasi.

Nkhani yake ili chonchi. Mwana amakhala ndi mano aumwana 20, loyamba limatuluka ali ndi miyezi pafupifupi 6 ndipo pofika zaka 3 amakhala atakwanira onse. Koma akafika zaka 6 kumbuyo kwenikweni kwa chibwano kumamera mano anayi achikulu, awiri m'mwamba awiri pansi, ndipo amamera mwakachetechete popanda dzino lililonse kugweluka. Apa ndi pamene makolo ambiri timapusitsika, maso onse amakhala pa magweru akutsogolo aja tikuseka naye mwana, kumbuyo osayang'anako. Dzino lakumbuyo limeneli pamwamba pake pali timikwasa tozama momwe chakudya chimakanirira, komanso likangomera kumene limakhala lisanakhwime bwino, ndiye likakumana ndi shuga tsiku ndi tsiku silichedwa kubooka.

Mphutsi mulibe m'dzino, zija amanena kuti wina anazitulutsa ndi utsi ndi bodza. Chomwe chimachitika n'choti tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timakhala mkamwa mwa aliyense timadya shuga n'kutulutsa asidi, asidiyo ndi amene amasungunula dzino pang'onopang'ono. Malovu amayesetsa kukonza koma amafuna nthawi. Ndiye vuto lalikulu si kuchuluka kwa shuga kokha ayi, ndi kangati patsiku. Taonani tsiku la mwana wathu: m'mawa tiyi wa masipuni atatu, m'botolo la kusukulu juwisi wa Mazoe, pa geti freezit, ku tuckshop chenji ikasowa amupatsa maswiti m'malo mwa ndalama, madzulo bisiketi mu kombi kuti asavute. Mano amenewo apuma nthawi yanji? Ine sindinena kuti mwana asalawe switi, ndi mwana, koma adyere limodzi ndi chakudya kamodzi basi, pakatipa madzi, chipatso, mtedza kaya maputi (chimanga chokazinga) opanda shuga.

Kwa amayi a ana ang'ono, chonde botolo la tiyi kapena juwisi mwana asagone nalo. Usiku malovu amachepa ndiye mano akutsogolo aja amangosambira mu shuga mpaka kucha, poyamba mumaona kamzere koyera ngati choko m'mphepete mwa nkhama, kenako bulawuni, kenako tizitsa tokhatokha. Pa kamzere koyera paja timatha kuimitsa osaboola kalikonse.

Kutsuka kumayamba tsiku lomwe dzino loyamba laoneka. Kawiri patsiku, ndipo kwa usiku ndi kumene sikuyenera kuphonyedwa. Mankhwala otsukira akhale a fluoride, yemwe amalimbitsa dzino, werengani kuchuluka kwake pa chubupo pakhale 1000 ppm kapena kuposa, dzina la kampani zilibe kanthu, wotchipa amagwira ntchito chimodzimodzi. Wosakwana zaka 3 mupakireni kochepa ngati kambewu ka mpunga, wa zaka 3 mpaka 6 ngati nsawawa imodzi. Akamaliza alavule koma asachukuche ndi madzi, ndikudziwa zimamveka zachilendo poti tonse tinakula tikuchukucha, koma mukatero mwachotsa mankhwala omwe amalimbitsa dzino. Ndipo kumupatsa mswachi mwana wa zaka 4 n'kumati watsuka ndi kudzinamiza, amangotafuna. Mpaka zaka 7 kapena 8 mswachi muzigwira ndinu, abambo nanunso ntchito imeneyi sikuti ndi ya amayi okha.

Za ndalama ndikuzidziwa, ambiri amabwera dzino litafika kale povuta chifukwa amaopa bilu, ndipo sindiwadzudzula. Koma kumata kabowo kakang'ono ndi ntchito ya mphindi zochepa, pomwe likafika pa mtsempha zimakhala zozula kapena chithandizo chodula kwambiri. Yambirani pa kiliniki ya khonsolo ya m'dera lanu akuuzeni kopita, zipatala zazikulu za boma ngati Parirenyatwa ndi Sally Mugabe zili ndi mbali yoona za mano. Funsaninso za kumata timikwasa tija dzino lisanabooke, amati fissure sealant, sipakhala jakisoni. Mwana akatupa nkhope, thupi kutentha, kapena akulephera kumeza, musadikire kuti kuche, ndipo aspirin kapena mankhwala a batire pa dzino musaike, zimawotcha nkhama.

China chomwe anthu sadziwa, dzino lachikulu likazuka pa mpira kapena pogwa, ligwireni kumutu osati kumuzu, liikeni mu mkaka muthamange nalo pasanathe ola, nthawi zambiri limabwezeretsedwa. Laumwana lokha ndi lomwe sitibwezera.

Agogo aja dzino la mdzukulu wawo tinazula, panalibe kuchitira mwina. Atatu otsalawo tinamata, ndipo anati abweranso ndi mng'ono wake wa zaka 5 mwezi wamawa.