Musandifunsenso kuti yunivesite yabwino ndi iti

Nyengo yofunsira malo ikafika, funso lomwe ndimalandira ndi limodzimodzi, kaya munthuyo akufuna MBA (digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka malonda) kaya masitazi ya chemistry: "Pa mayunivesite a boma awiriwa, yabwino ndi iti?" Ena amabwera atasindikiza kale mndandanda wa pa intaneti wosanja mayunivesite kuyambira yomwe akuti ndi yabwino kwambiri, atazunguliza ndi cholembera dzina lomwe lili pamwamba, akungofuna kuti ndiwavomereze. Ndayang'anira kafukufuku wa ophunzira a masitazi kwa zaka zambiri, ndakhalanso m'makomiti osankha ofunsira malo, ndipo funso limeneli landitopetsa. Limeneli ndi funso la mwana amene akukayamba digiri yoyamba. Pa digiri yachiwiri simupita ku yunivesite yonse ayi. Mumapita ku dipatimenti imodzi, ndipo ngati muli wa sayansi mumapita kwa munthu mmodzi ndi labu yake.

Mindandanda imene mumaikhulupirirayo, kodi munayamba mwafunsapo kuti imayeza chiyani? Wa Shanghai, womwe unayamba kutuluka mu 2003, umapereka malikisi 30 pa 100 aliwonse poona ngati yunivesite ili ndi aphunzitsi kapena ophunzira akale amene anapata mphoto ya Nobel kapena mendulo ya Fields ya akatswiri a masamu. Munthu amene anapata Nobel zaka makumi angapo zapitazo sadzakuwerengerani chaputala chanu chachitatu. Wa QS nawo, pafupifupi theka la malikisi ake limachokera ku mafunso omwe amatumizidwa kwa aphunzitsi ndi olemba anthu ntchito kuti atchule mayunivesite omwe amawapatsa ulemu. Choncho chomwe umayeza kwambiri ndi kutchuka. Kutchuka kuli ndi ntchito yake, sindikukana, koma sikukuuzani ngati makina a mu labu ya dipatimenti yanu akugwira ntchito.

Palinso maganizo akuti yunivesite ikakhala ya boma ndiye kuti ndi yotchipa, ndipo zonse za boma n'zofanana. Si choncho. Ku United States yunivesite ya boma imalipiritsa fizi yokwera kwambiri kwa wophunzira amene si wa chigawo chimenecho. Ku Germany mayunivesite ambiri a boma salipiritsa fizi ya maphunziro, komabe chigawo cha Baden-Württemberg chinayamba mu 2017 kulipiritsa ma euro 1,500 pa semesita kwa ochokera kunja kwa European Union, ndipo Norway, yomwe inkadziwika ndi maphunziro aulere, inayamba kulipiritsa ophunzira ochokera kunja kwa Ulaya mu 2023. Kutalika kwa maphunziro nakonso n'kosiyana: masitazi zambiri ku Britain ndi za chaka chimodzi, m'mayiko ambiri a ku Ulaya ndi zaka ziwiri, pomwe ku South Africa amene ali ndi digiri ya zaka zitatu amayenera kudutsa kaye pa Honours, chaka china cha maphunziro asanayambe masitazi. Powerengera ndalama, werengerani zaka zonse mpaka tsiku lomwe thesis, lipoti lalikulu la kafukufuku wanu, idzavomerezedwe. Fizi ya chaka choyamba ndi kachigawo chabe.

Kwa a sayansi, zomwe muyenera kufufuza zili poyera, ndipo zimandidabwitsa kuti anthu ofuna kukachita kafukufuku safufuza. Tengani dzina la amene akuyembekezeka kukhala supavaiza wanu, mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wanu, lilembeni pa Google Scholar, webusaiti yofufuzira mapepala a kafukufuku. Onani zomwe wasindikiza m'zaka zitatu kapena zisanu zapitazi, zakale zisiyeni. Kodi pa mapepalawo pali mayina a ophunzira ake? Kenako tsegulani nkhokwe ya ma thesis pa webusaiti ya laibulale ya yunivesiteyo muone kuti ndi angati amene anamaliza pansi pa iyeyo, ndi liti. Dipatimenti yomwe imalandira anthu ambiri chaka ndi chaka koma m'nkhokwe mukungopezeka ma thesis owerengeka, ikukuuzani zinazake. Ena onsewo ali kuti? Mulembereni supavaizayo imelo yaifupi, mufunse ngati ali ndi pulojekiti yokhala ndi ndalama, komanso kuti mankhwala a mu labu ndi maulendo okatenga masampulo amalipira ndani. Akatha mwezi osayankha pamene mukufuna kubwera, mukuganiza kuti adzayankha mukadzalipira kale? Ndipo pezani wophunzira mmodzi amene ali pansi pake pakali pano, mucheze naye pambali. Ameneyo adzakuuzani zomwe kabuku kokongola ka yunivesite sikanena.

Nkhani yomwe imandiwawabe ndi ya mayi wina, wanzeru zedi, amene ankafuna kufufuza za zitsulo zoopsa zopezeka m'madzi akumwa. Anapatsidwa malo ku mayunivesite awiri a boma. Ina inali yaing'ono, yosatchuka, koma kunali mphunzitsi amene anali ndi pulojekiti ya madzi yolipiridwa kale, ndipo anamuyankha imelo sabata yomweyo. Inayo inali ya dzina lalikulu, yoti ukaitchula pagulu anthu amatembenuka. Anasankha ya dzinayo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: atafika anapeza kuti makina oyezera zitsulo m'madzi anawonongeka kalekale, akudikira chipangizo chochokera kunja chomwe panalibe amene ankadziwa tsiku lomwe chidzafike. Supavaiza wake anali atangokwezedwa kumene pa udindo woyendetsa sukulu, tsiku lililonse ali ku msonkhano. Masampulo anatengedwa, anaikidwa m'mabotolo olembedwa bwinobwino tsiku ndi malo, n'kukhala mu furiji mpaka nthawi yomwe akanapereka zotsatira zodalirika inadutsa.

Makina amawonongeka kulikonse, zimenezo sizindidabwitsa. Chomwe chimandipweteka ndi kukhala chete kwake. Miyezi inkapita iye akungodikira, kuopa kuoneka wamwano akakumbutsa munthu wamkulu, kuopanso kuti anzake amuona ngati wolephera. Chonsecho m'malamulo a sukulu yakeyo, monga zilili m'mayunivesite ambiri, munali ndime yolola wophunzira kupempha supavaiza wachiwiri kapena kusinthiratu, komanso kukayezetsa masampulo ku labu ina. Bukulo anali nalo, sanalitsegule. Pamene ankabwera kudzandifunsa nzeru, ndalama za sikolashipu zinali zitatha, nthawi yomwe malamulo amalola kuti munthu akhale pa masitazi inali kumapeto. Ndinamuuza kuti alembe kalata yopempha kuwonjezeredwa nthawi ndipo afotokoze zonse mosabisa. Koma madzi anali atafika m'khosi, ndipo panali wina amene anali atamulonjeza kale njira yachidule. Munthuyo anamulembera chaputala cha zotsatira ndi manambala opeka. Woyesa wochokera ku yunivesite ina sanavutike n'komwe: manambalawo anali osalala mopitirira muyeso, ndipo atapempha buku la mu labu losonyeza tsiku lomwe masampulo anayezedwa, panalibe choonetsa. Anachotsedwa sukulu. Munthu amene akanamaliza bwinobwino ku yunivesite yaing'ono ija lero sangatchule n'komwe zaka zimenezo pofunsira ntchito.

A zamalonda nkhani yawo ndi yosiyanako. Kwa inu supavaiza si wofunika kwambiri ngati anthu amene mudzakhale nawo m'kalasi. MBA ndi maphunziro a anthu amene agwirapo kale ntchito, amaphunzira pokambirana zomwe anakumana nazo. Bungwe la AMBA, la ku London, limafuna kuti ophunzira a MBA yomwe laivomereza akhale atagwira ntchito zaka zosachepera zitatu. Sukulu yomwe ikulandira aliyense amene wangotuluka kumene pa digiri yoyamba bola walipira, ikugulitsa zilembo zitatuzo basi. Ngati mwangomaliza kumene, yang'anani masitazi ya finance, ya economics kapena ya kayendetsedwe ka malonda, MBA idzakupezani. Onaninso ngati sukulu ya zamalondayo ili ndi chivomerezo cha AACSB, bungwe la ku America lomwe linayamba mu 1916, kapena EQUIS ya ku Ulaya, ndipo mukaone pa webusaiti ya bungwelo, osati pa chikwangwani cha sukuluyo. Kusakhala nacho sikutanthauza kuti sukuluyo ndi yachabechabe, chifukwa kupeza zivomerezo zimenezi kumadya ndalama zambiri ndipo sukulu zabwino zambiri za boma zilibe. Zikatero funsani kuti amene anamaliza zaka zitatu zapitazo akugwira ntchito kuti, ndipo musakhutire ndi dzina limodzi la bwana wotchuka lomwe amatchula chaka chilichonse.

Tsopano za kuzengereza, chifukwa n'kumene kumaponya anthu m'manja mwa akathyali. Sikolashipu zikuluzikulu monga Chevening zimatseka pafupifupi chaka chathunthu maphunziro asanayambe. Zotsatira za mayeso a Chingerezi a IELTS ndi TOEFL zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, za mayeso olowera digiri yachiwiri a GMAT ndi GRE zisanu. Makalata okuchitirani umboni amalembedwa ndi aphunzitsi amene alinso ndi ntchito zawo. Kundipempha Lachinayi kalata yofunika Lachisanu ndiye kuti mudzalandira kalata ya mizere inayi yosanena kanthu. Kuitanitsa transcript, chikalata cha malikisi anu onse, ku sukulu yanu yakale kumatenga nthawi, ndipo ngati digiri yanu ndi ya dziko lina, pali mabungwe omwe amayenera kuiunika kaye, monga SAQA ku South Africa. Munthu akayamba zonsezi kutatsala milungu iwiri, amasowa mtengo wogwira, ndipo apa m'pamene dobadoba amatulukira.

Amabwera mokoma. Amati ali ndi munthu wawo ku ofesi yolembetsa, malo alipo, mungotumiza kangachepe kotsegulira fayilo. Mvetsetsani: yunivesite ya boma ili ndi njira imodzi yofunsira malo, yolembedwa pa webusaiti yake, ndipo ndalama zimalipiridwa ku akaunti ya yunivesiteyo, osati ku nambala ya foni ya munthu. Palibe ajenti amene angakutsimikizireni malo pa masitazi ya kafukufuku, chifukwa wovomereza ndi dipatimenti. Ena afika pomanga mayunivesite athunthu a pa intaneti, okhala ndi zithunzi za nyumba zazitali ndi mayina ofanana ndi a sukulu za boma. Mu 2015 nyuzipepala ya New York Times inaulula kampani ya Axact ya ku Karachi, yomwe inkagulitsa madigiri abodza kudzera m'mawebusaiti mazanamazana a sukulu zomwe kulibe. Ogula ena ankadziwa chomwe akuchita, koma ena ankakhulupiriradi kuti alembetsa sukulu yeniyeni. Musanatumize kalikonse, fufuzani dzina la yunivesiteyo ku bungwe la boma loona za maphunziro apamwamba m'dziko lomwe ili, komanso mu World Higher Education Database ya International Association of Universities. Muonenso kuti pulogalamu yeniyeniyo ndi yovomerezeka, chifukwa zimachitika kuti yunivesite ndi yovomerezeka koma kosi yatsopano yomwe ikulengezedwa isanavomerezedwe.

Mukalowa, akathyali ena akukudikirani m'katimo. Olemba ma thesis ndawatchula kale. Palinso ma journal (magazini osindikiza kafukufuku) achinyengo, omwe amakutumizirani imelo yokutamandani, n'kulonjeza kusindikiza pepala lanu m'masiku atatu mukalipira. Pepala la sayansi lenileni limaunikidwa ndi akatswiri ena, limabwezedwa kuti mukonze, ndipo zimatenga miyezi. Madipatimenti ena amafuna kuti musindikize pepala musanamalize, ndiye funsani msanga kuti amavomereza ma journal ati, ndipo muone ngati dzinalo likupezeka mu Scopus kapena DOAJ, mindandanda ya ma journal omwe anaunikidwa. Mukaona kuti supavaiza amene mukumuganizirayo mapepala ake ambiri ali m'ma journal a masiku atatuwo, pitani ku yunivesite inayo, ngakhale ili pansi pa mndandanda.